Njinga yakale yayamba kuvuta mutathira mankhwala mu petulo? Yambirani ku thanki

Zimakonda kuchitika chonchi: njinga yamoto yakale ija yakhala miyezi ingapo ili chiimire, kapena imayenda ndithu koma motsamwatsamwa, nde mwini wake wagula kabotolo ka mankhwala othira mu petulo kolembedwa kuti kamatsuka kabuleta, wakhuthulira konse mthanki. Tsiku loyamba ikuoneka ngati yachira. Kukacha ikulira ndi choki basi, mukangobweza choki yazima, mukaipatsa moto ikuchita ngati ikufuna kufa. Apa ena amayamba kunyoza mankhwala aja kuti ndi abodza, ena amatenga sikuludilaiva nkuyamba kupotokola sikuluu iliyonse yomwe aiona pa kabuleta mpaka osadziwanso kuti poyamba zinali pati.

Chomwe chachitika nthawi zambiri nchosavuta kumva. Mankhwalawo agwira ntchito yake, asungunula phula la petulo wakale ndi zinyalala zomwe zinamata mthanki ndi mpayipi kwa zaka, koma zinyalalazo zilibe kolowera, njira ndi imodzi yokha yotsikira ku kabuleta, ndipo kumeneko kuli kabowo ka pailoti jeti, kodutsira petulo injini ikamalira pang'onopang'ono, komwe pa njinga zing'onozing'ono zambiri sikafika olo theka la milimita. Kachitsotso kamodzi kakwana kutseka. Ndipo jeti ikatsekeratu petulo sadutsamonso, ndekuti mankhwala omwe ali mu petuloyo sangafikeko olo mutathira mabotolo angati. Nchifukwa chake ine ndimati musathirenso kabotolo kachiwiri. Tsatirani njira ya petulo kuchokera kumwamba kutsika pansi, ndipo muzisintha chinthu chimodzi nkuyesa kaye musanakhudze china.

Ntchito yonseyi ipangidwire panja kapena pamalo popita mphepo, injini itazizira, fodya ndi moto zikhale kutali. Nthunzi ya petulo imalemera kuposa mpweya, imayenda pansi nkukapeza moto womwe inu mumaona ngati uli patali.

Choyamba, tsimikizani kuti vuto ndi la mafutadi

Kabuleta imanamiziridwa zambiri. Masulani pulagi muione kumutu kwake. Ikakhala yofiirira mopepuka komanso youma, zinthu zili bwino. Yakuda bii ndi mwaye wouma ndekuti petulo akuchuluka kuposa mpweya. Yoyera mbee, petulo akuchepa ndipo injini ikutentha kwambiri, imeneyi ndi yoopsa kuposa yakuda ija. Yakuda koma yonyowa ndi oyilo ndi nkhani ina, ya maring'i kapena mavalavu, kabuleta ilibe mlandu pamenepo. Mukaona yadera ngati dzimbiri lofiira ndipo munathira mankhwala okweza okiteni, amenewo ndi omwe asiya utoto umenewo, ena mwa iwo amakhala ndi MMT, mankhwala okhala ndi chitsulo cha manganese. Ikani pulagi yatsopano, igunditseni ku injini nkuponda kiki muone ngati moto wake ukuthetheka bwino. Onaninso fyuluta ya mpweya, ikadzadza fumbi kapena ikanyowa kwambiri ndi oyilo njinga imamwa petulo wambiri nkumafuka utsi wakuda, inu nkumaganiza kuti ndi jeti.

Chachiwiri, petulo amene ali mthankiyo

Apa ndi pomwe anthu ambiri amadumpha chifukwa amaona ngati kutaya petulo ndi kuononga. Tsekani tapu, chotsani payipi yopita ku kabuleta, ikhuthulireni mu botolo lagalasi loyera, tsegulani tapu pa RES chifukwa RES ndi yomwe imakoka za pansi penipeni pa thanki. Lisiyeni botololo kwa mphindi 10 kapena 15 osaligwedeza.

Mukaona lagawikana pawiri, pansi pali zamadzimadzi zotuwa pamwamba petulo, amenewo ndi madzi. Madzi amalemera kuposa petulo nde amakhala pansi, pomwe tapu imakokera. Petulo wosakaniza ndi ethanol, monga uja amalemba E10 kutanthauza kuti magawo 10 pa 100 alionse ndi ethanol, amakoka chinyezi cha mu mpweya, ndipo madzi akachuluka ethanol uja amasiyana ndi petulo nkutsika limodzi ndi madziwo. Zikafika pamenepo palibe mankhwala obwezeretsa, khuthulani zonse. Petulo wakale naye amadziwika, amada ngati wachikasu choderako ndipo fungo lake limakhala lowawasa ngati vanishi, mbali yake yomwe imayaka msanga inauluka kalekale, nchifukwa chake kuliza mmawa kumavuta.

Kenako werengani pa kabotolo ka mankhwala kaja, ngati simunataye. Timabotolo tambiri tinapangidwira thanki ya galimoto. Tiyerekeze palembedwa kuti mamililita 300 ndi a malita 60, ndekuti lita imodzi ikufuna mamililita 5, thanki ya njinga ya malita 12 ikufuna 60 okha basi. Inu mwathira 300 yense, mwina thankiyo inalinso theka, ndekuti mwapyola muyezo kakhumi. Mankhwala ambiri oterewa sayaka bwino ngati petulo, akachuluka njinga imavuta kulira, imafuka utsi woyera wonunkha zachilendo, pulagi imada, ndipo timalabala takale timafufuma. Ngati ndi zimenezi zachitika, mankhwala ake ndi kukhuthula ndikuthira petulo watsopano wopanda kalikonse. Pena vuto limathera pompa osatsegula olo kabuleta.

Thanki ili yopanda kanthu chonchi unikanimo ndi tochi. Dzimbiri likakhalamo, olo mutatsuka kabuleta bwanji, pakatha masiku ochepa ibwereranso pomwepo. Mathanki ena anapakidwa kale mankhwala otsekera dzimbiri mkati, nde ethanol ndi zotsukira zamphamvu zimatha kusupula chikopa chimenecho nkumatsika ngati timapepala, ngati mwaona zimenezo thanki iyenera kutsukidwa payokha kaye. Ndipo mulimonsemo ikani kafyuluta koonekera mkati pa payipi pakati pa tapu ndi kabuleta, muvi wake uloze ku kabuleta.

Chachitatu, petulo akutsika mokwanira?

Thirani watsopano, payipi ikadali mu botolo tsegulani tapu. Azituluka mosadukiza, osati modonthadontha. Akamadontha masulani tapu, mkati mwake muli kasefa komwe kamalowa mthanki, nthawi zambiri mukapeza katakutidwa ndi matope ofiira. Tapu zina zimagwira ndi vakyumu, zili ndi kapayipi kachiwiri kochokera ku injini ndipo zimalembedwa ON, RES ndi PRI, zimenezi sizitulutsa petulo injini isanalire pokhapokha muike pa PRI, nde musafulumire kunena kuti yafa. Mukamaliza musaisiye pa PRI. Ndipo mukachotsa kapayipi ka vakyumu kaja nkupeza mkati muli petulo, labala ya mu tapu yang'ambika, petulo akulowa mu injini mozemba kabuleta.

Pali kachinthu kena kopusitsa anthu. Njinga ikuyenda bwinobwino, pakapita mphindi zingapo yatsamwa nkuzima, mukadikira pang'ono ikuliranso. Ikangozima tsegulani chitsekerero cha thanki mumvetsere, mukamva kuti fuuu mpweya ukulowa, kabowo kopumira ka pa chitsekererocho katsekeka. Chokonza ndi chitsekerero.

Yang'ananinso payipi yeniyeniyo, ikauma gwa kapena ikafewa nkumamata mmanja isintheni, mkati mwake imakhala ikunyenyeka ndipo tizidutswa takuda tomwe mupeze mu kabuleta tichokera mmenemo.

Chachinayi, mverani zomwe njinga ikunena musanamasule

Kabuleta ili ndi njira zitatu za petulo ndipo iliyonse ili ndi nthawi yake. Pa aidulo ndi pamene mwangoyamba kupatsa moto mpaka cha pa kota, ikugwira ndi pailoti jeti pamodzi ndi sikuluu yosakanizira. Kuchokera pa kota mpaka makota atatu ndi singano ija yomwe imakwera ndi silaidi, kachitseko komwe kamakwera mukapatsa moto. Kuchokera pamenepo mpaka kumapeto ndi meni jeti.

Nde ikamalira ndi choki yokha, kapena ikamazima mukaima, ganizani pailoti jeti, ndipo pa njinga yomwe inakhalitsa chiimire nthawi zambiri ndi imeneyi. Mukabweza moto koma injini ikuchedwa kutsika, ikukhalabe pamwamba kwa kanthawi, kapena ekizozi ikuphulikaphulika mukasiya moto pa mtsetse, petulo akuchepa, mwina pailoti yatsekeka pang'ono kapena mpweya ukuba penapake. Ikamayenda bwino pang'onopang'ono koma mukatsegula moto wonse ikutha mphamvu, ndi meni jeti kapena petulo sakufika mokwanira mu kapu ya pansi pa kabuleta yosungira petulo. Petulo akamatayika pa kapayipi ka pansi, ndi fuloti, kachoyandama ka mu kapu komwe kamatseka petulo akadzadza.

Yesani kaye chapafupi: tsekani tapu, masulani sikuluu yokhetsera ya pansi pa kapu, landirani mu kachidebe koyera, tsegulani tapu pang'ono kuti petulo watsopano atsukuluze, mangani. Madzi ndi zinyalala zoyandama zimatuluka chonchi. Ikapanda kusintha, basi, kabuleta ichoke.

Chachisanu, kutsegula kabuleta

Jambulani ndi foni chilichonse musanachotse, mapayipi, makebulo, mbali yomwe silaidi yalozera. Yalani nsalu yoyera patebulo, tizinthu ta mmenemu tikagwa pa dothi simutipezanso. Pa njinga za ku Japan, zokhala ndi kabuleta za Keihin kapena Mikuni, masikuluu ake amaoneka ngati a sitala wamba koma ndi a mtundu wa JIS, ena amakhala ndi kadontho pamutu, sikuludilaiva ya Phillips imaterereka nkudya mutuwo. Ngati mulibe ya JIS sankhani yomwe ikukhala bwino kwambiri, kanikizani mwamphamvu musanapotokole.

Musanachotse sikuluu yosakanizira, ilowetseni mkati pang'onopang'ono mukuwerenga kuti yazungulira kangati mpaka itangogunda, lembani nambalayo. Kungogunda basi, osamanga, nsonga yake ndi yopyapyala imathyokera mkati ndipo ikathyokera kuichotsa kumavuta zedi. Mukaitulutsa pamatuluka sipuling'i, kawashala ndi kalabala kozungulira, kawashala ndi kalabalako timakonda kutsalira mdzenje, tikokeni mosamala.

Chotsani kapu, pini ya fuloti, fuloti ndi kanido kake, meni jeti ndi kachubu kokhala ndi timabowo ta mmbali komwe jetiyo imamangidwapo, kenako pailoti jeti yomwe imakhala mkati mwa kadzenje kakang'ono, imafuna sikuludilaiva yopyapyala yokwana ndendende chifukwa chitsulo chake nchofewa. Chilichonse cha labala chiikeni pambali, sipuleyi yotsukira kabuleta imafufumitsa labala. Makamaka pa kabuleta za CV zija zokhala ndi chivundikiro chachikulu pamwamba, dayafulamu yake isakhudzidwe ndi sipuleyi, ingoiunikani padzuwa mukuitambasula pang'ono muone ngati ilibe kabowo, ikabooka silaidi sikwera bwino ndipo njinga imakana liwiro olo majeti ali oyera.

Tsopano pailoti jeti. Ilozetseni ku kuwala, muone kabowo kozungulira bwinobwino. Anthu ambiri amaona kakuwala pang'ono nkunena kuti yatseguka, chonsecho phula lachepetsa bowolo ndi theka. Inyikeni mu mankhwala otsukira kabuleta kwa kanthawi, kenako pisanimo kachingwe kamodzi ka kopa kochokera mu waya wamagetsi kapena ulusi wa pulasitiki wowedzera nsomba. Singano yosokera, waya wachitsulo kapena kadirilo ayi, zimakulitsa bowo ndipo njinga idzamwa petulo mpaka kalekale. Timabowo ta mmbali mwa jeti ndi ta pa kachubu kaja tonse titseguke. Ngati jetiyo yadyeka kapena yachita zobiriwira zosachoka, gulani ina ya nambala yomweyo, nambala imalembedwa pa jeti pomwepo, ndipo dziwani kuti manambala a Keihin ndi a Mikuni sawerengedwa mofanana nde osasinthanitsa poona nambala yokha.

Jeti yoyera pa thupi lotsekeka ndi ntchito yachabe. Mkati mwa thupi la kabuleta muli tinjira tobisika tochokera pa pailoti jeti kupita ku sikuluu yosakanizira, ku kamwa la mpweya, ndi ku timabowo ting'onoting'ono ta pakhosi pafupi ndi pomwe silaidi kapena chitseko chimatsekera. Poperani sipuleyi pa dzenje la pailoti, tsekani mabowo ena ndi chala mosinthanasinthana, muone kuti ikutulukira ponseponse. Valani magalasi, imabwerera mmaso ndipo imawawa zedi. Malizani ndi mpweya wa kompuresa ngati ulipo, koma fuloti ndi dayafulamu zikhale zitachotsedwa. Njira ya choki nayonso itsukeni, pa kabuleta zambiri kajeti kake kamakhala mu kapu momwemo pansi pa kadzenje, ikatsekeka njinga imavuta kulira mmawa.

Za fuloti

Igwedezeni pafupi ndi khutu, mukamva madzi mkati yabooka, isintheni. Kanido kake kayang'anitsitseni kunsonga, pakakhala mzere wodyeka wozungulira sikatsekanso bwino, ndipo kapini ka sipuling'i ka kumbuyo kwake kazibwerera mukakadina. Pomwe kamakhala paja pukutani ndi kathonje ka mmakutu. Msinkhu wa fuloti umasiyana njinga ndi njinga, tengani nambala yake mu buku la njingayo, poyeza pendeketsani kabuleta kuti kalilime ka fuloti kangokhudza kapini osakadina. Petulo akakwera kwambiri mu kapu njinga imamwa mafuta ndi kusefukira, akatsika kwambiri imatsamwa mukapatsa moto. Ngati fuloti ndi yapulasitiki yense yopanda kalilime kachitsulo, imeneyo sipindidwa, musalimbane nayo.

Singano ya pa silaidi musaisunthe ngati kale njinga inkayenda bwino. Zina zili ndi timizere tisanu ta kilipu, kutsitsa kilipu kumakweza singano nkuonjezera petulo, koma kuchita zimenezi pofuna kubisa jeti yakuda kumangobweretsa vuto lachiwiri.

Chachisanu ndi chimodzi, kubwezera ndi kuchuna

Bwezerani zonse, majeti mangani mongokwana, gasiketi ya kapu ikauma ikani ina, osapaka silikoni chifukwa petulo amaisungunula nkukatseka jeti yomwe mwangotsukayo. Sikuluu yosakanizira ibwerere pa nambala munalemba ija. Ngati wina anaisokoneza kale yambirani pakati pa kuzungulira kamodzi ndi theka mpaka kawiri kuchokera pogunda.

Onani labala yolumikiza kabuleta ndi injini, pa njinga zakale imang'aluka mmbali mobisika. Injini ikulira pa aidulo poperani sipuleyi pang'ono chabe pamenepo, kutali ndi ekizozi ndi waya wa pulagi, kaliridwe kakasintha ndekuti mpweya ukuba ndipo palibe kuchuna komwe kungathandize mpaka labalayo isinthidwe.

Kuchuna kumachitika injini itatentha, yendani nayo kaye mphindi 10 kapena 15, fyuluta ya mpweya ili mmalo mwake. Kwezani aidulo pang'ono. Dziwani kaye sikuluu yanu yosakanizira: ikakhala mbali ya ku injini nthawi zambiri ndi ya petulo, kuitulutsa kumaonjezera petulo, ikakhala mbali ya ku fyuluta ndi ya mpweya, kuitulutsa kumaonjezera mpweya. Potokolani kota imodzi, dikirani masekondi angapo injini iyankhe, pitirizani mbali yomwe ikukwera mpaka pomwe ikulira mokwera komanso mosalala, kenako tsitsani aidulo ndi sikuluu yayikulu ya aidulo. Njinga zambiri zazing'ono za silinda imodzi zimakhala pakati pa 1,300 ndi 1,500 pa mphindi. Mukapeza kuti sikuluu ya petulo yatuluka kupyola katatu kuti njinga ikhazikike, kapena mukuipotokola koma palibe chikusintha, njira ya pailoti ikadali yakuda, tsegulaninso. Zimawawa koma ndi momwemo. Njinga za makabuleta awiri kapena anayi zimafunanso kulinganiza kuti onse azitseguka mofanana, zimenezo zimafuna mageji a vakyumu, ngati mulibe apatseni amakaniko mbali imeneyo yokha.

Musaiwale oyilo. Ngati kabuleta inkasefukira, petulo amatha kutsikira mu injini kudzera pa pisitoni. Tulutsani kamtengo koyezera, oyilo akakwera kuposa pomwe munasiya, akapyapyala kapena akamanunkha petulo, msintheni musanayende. Ndipo ngati njinga inagona tapu ili yotsegula nkupeza kiki yalimba mwachilendo, musaiponde mokakamiza, chotsani pulagi kaye, zimitsani kiyi kuti moto wa pulagi usathetheke, muzungulitse injini kuti petulo wodzadza mu silinda atuluke, kupanda kutero mutha kupinda kondirodi.

Nanga mankhwalawa ndi osafunika?

Ali ndi malo ake, bola kudziwa kuti ndi ati. Otsukira, makamaka omwe ali ndi chotsukira chotchedwa PEA, amathandiza pa njinga yomwe ikuyenda kale ndipo yangoyamba kuda pang'ono, thanki ili yoyera, fyuluta ilipo, muyezo mwayeza ndi sirinji, ndipo thirani pomwe mukudziwa kuti muyenda mpaka thankiyo ithe, osati kuthira nkuimika njinga. Oteteza petulo kuti asaonongeke amathiridwa mu petulo watsopano njinga isanaimikidwe, nkuiliza mphindi zingapo kuti afike mu kapu, koma sadzutsa petulo yemwe waola kale. Okweza okiteni pa injini yakale ya kompuresheni yotsika ine sindiona phindu lake, okiteni yambiri siyionjezera mphamvu pa injini yomwe simagogoda. Ochotsa madzi amatha timadontho tochepa basi, ndipo ambiri mwa iwo ndi mtundu wa mowa wonga ethanol umene malabala akale amadana nawo. Osasakaniza mitundu iwiri mthanki imodzi.

Awerengeni bwino mabotolo, ena ndi othira mu oyilo osati mu petulo. Pa njinga zambiri kilatchi imasambira mu oyilo wa injini yemweyo, nde mankhwala oterereretsa opangira galimoto amapangitsa kilatchi kuterereka, oyilo woyenera amalembedwa JASO MA kapena MA2. Pa injini za thu sitiroko, mankhwala othira mu petulo olo akhale amafutamafuta salowa mmalo mwa oyilo wa 2T.

Njinga ikamakhala kupyola mwezi osayenda, tsekani tapu nkukhetsa kapu ndi sikuluu ya pansi ija, petulo wochepa wa mu kapu ndi amene amauma msanga nkusiya phula mu majeti. Thanki yachitsulo ikhale yodzadza kuti chinyezi chisapeze malo.

Mukachita zonsezi, petulo ndi watsopano, akutsika bwino, majeti ndi oyera, mpweya sukuba, koma njinga ikuvutabe kulira kapena aidulo sikukhazikika, isiyeni kabuleta muyeze mpata wa mavalavu injini ili yozizira, mavalavu othina amaonetsa zizindikiro zofanana kwambiri ndi za pailoti jeti. Kenako kompuresheni. Ndipo ngati imazima ikangotentha nkudzalira ikazizira chonsecho chitsekerero cha thanki chikupuma bwino, yesani moto wa pulagi nthawi yomweyo yazimayo isanazizire, ukasowa pitani ku koyilo, ku CDI (kabokosi kolamulira moto wa pulagi) kapena ku mapointi ngati njinga yanu ndi ya mapointi.